Mapesi amene ndinayala m'munda wa amayi

Chaka chimenecho tinakolola ngolo imodzi yosadzaza. Munda wonse wa amayi, kuyambira kumsewu mpaka kukhwawa, ngolo imodzi, nayonso yobwereka kwa amalume. Chimanga chake chinali chonyozoloka, china chachifupi ngati chala changa chachikulu. Kumtunda kwa munda kunali kaufiti yekhayekha, timaluwa take tofiirira tija, tokongola ngati sitikupha kanthu.

Bambo anapita ku Joni kukagwira ntchito m'mafamu ine ndili Sitandade 5, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Sukulu ndinalekezera Fomu 1. Mphunzitsi wina anaseka nsapato zanga pamaso pa kalasi yonse, ndinamukankhira pabolodi, ndipo sindinadikire kuti andichotse. Kwathu amandidziwa kuti ndine wamtima wapachala. Sindikana.

Munda uja amayi anasiyiridwa ndi amayi awo, koma mwini mbumba ndi amalume, mlongo wawo wamkulu, ndiye pa nkhani ya nthaka mawu omaliza ndi awo. Si munthu woipa ayi. Zaka zitatu zotsatizana, njala ikafika pachimake, ndiwo ankatidyetsa kuchokera m'nkhokwe yawo. Koma tsiku limenelo titatsitsa chimanga pakhomo, anayang'ana kamulu kaja nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Achemwali, nthaka ija yatha. Popanda feteleza simuphulapo kanthu, ndipo fetelezayo simungamukwanitse. Pali munthu wa mbatatesi akufuna malo. Ndimupatse alimepo, inu muzidya kwa ine."

"Achimwene, ndizidya kwa inu mpaka liti? Ndine mwana?"

"Nanga panopa mukudya kwa ndani?"

Amayi anawerama n'kumatola chimanga chimene chinagwera pansi pa ngolo. Patapita nthawi anapempha chaka chimodzi chokha, kuti tiyesenso. Amalume anavomera. "Chimodzi. Zikadzakhala zomwezi, musadzandinene kwa anthu."

Ine ndinali nditaimirira pakhonde. Ndinawauza amalume kuti munda si wawo.

"Iwe mphwanga," anatero uku akumasula ng'ombe pagoli, "ukadzakolola ngolo ziwiri udzayankhule."

Mwezi wa Juni analengeza kutchalitchi kuti kuli ulendo wokaona alimi amene amalima popanda feteleza kapena mankhwala a m'sitolo. Amayi anandilembetsa osandifunsa. Lole inanyamuka ku Nzama m'mawa kukuzizira koopsa, ambiri anali azimayi atafunda zitenje ziwiriziwiri, amuna tinalipo anayi. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditakwinya nkhope. Mumtima ndinkati awa ndi mabodza a anthu okhuta.

Tinayambira ku Mlangeni, kwa bambo wina wa ndevu zoyera amene pa unyamata wake anagwirako kumigodi. Anatitengera kuseri kwa khola la mbuzi kumene kunali milu itatu yomatidwa ndi dothi ngati uvuni ya njerwa. Anati dzina lake ndi chimato. M'kati mwake amasanjamo mapesi oduladula, masamba aawisi, ndowe, phulusa, akuwaza madzi, kenako n'kumata. Pamwamba pa mulu umodzi panali patazikidwa ndodo. Anaizula n'kundilozetsa ine.

"Tagwira, mnyamata."

Inali yotentha ngati yachokera pamoto.

"Zikupsa zimenezo. Ukathira m'munda zisanapse, uotcha mbewu zako. Ndodo ikadzazizira, ndiye kuti manyowa apsa."

Anationetsanso mgolo umene ananyikamo masamba osinja a mthuthu, madzi ake amawaza pa mbewu zikagwidwa ndi mbozi. Fungo lake azimayi anagwira mphuno. Ine ndinafunsa mokweza ngati zonyansa zimenezi zingadyetse banja. Bambo uja anangopita pankhokwe, n'kukweza denga lake ndi mtengo kuti tisuzumire. Inali yodzaza mpaka pakamwa.

Loweruka lotsatira tinapita cha ku Kandeu, kwa mayi wina wamasiye ngati amayi anga. Munda wake unali wochepa kuposa wathu. Munalibe mizere. Nthaka yonse inali yophimbidwa ndi mapesi ndi udzu, nandolo ataimirira apo ndi apo asanaume, m'malire monse muli khonje wothithikana. Anatiuza kuti satentha kanthu, salimanso ndi khasu, amangobowola mapando pa mapesi pomwepo n'kuthiramo manyowa.

"Tafukulani apo, achimwene," anandiuza.

Ndinakankha mapesi ndi phazi.

"Ndi dzanja. Simufa."

Ndinagwada n'kukumba ndi zala. Mvula inali italeka kalekale, kwathu nthaka inali itauma ngati simenti, koma apa dothi linali lakuda, lozizira, lonyowa, nyongolotsi zikuyendamo. Ndinalinunkhiza. Sindikudziwa chifukwa chake, koma chimene ndinamva ndi mkwiyo. Ndinakumbukira Ogasiti aliyense, ine ndi amayi tikusosa, tikuunjika mapesi n'kuwayatsa, tikusangalala kuti munda wayera.

Mayi wina wa m'gulu lathu anafunsa funso limene tonse tinali nalo. "Nanga ng'ombe za eni ake sizidya zimenezi?"

Kwathu kuno aliyense amadziwa: anthu akamaliza kukolola, ziweto amazitayirira. Munda wokololedwa suli wa munthu mpaka mvula itayandikira. Ng'ombe zimalowa paliponse kudya mapesi, ndipo palibe mlandu. Zinali choncho agogo athu asanabadwe.

Mwini munda anaseka. "Chaka choyamba zinadya zonse, osasiya ngakhale phesi limodzi. Ndinalira ngati pamaliro. Chaka chachiwiri ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse a ng'ombe, kugwada, kupempha kuti azizikusira kwina. Ena ananditukwana. Ena ndinkawamwetera udzu wa kudambo kukawasiyira kukhola. Mpaka khonjeyu anakula." Kenako anandiyang'ana ine. "Inu achimwene, nkhope yanuyo si ya munthu wopempha. Koma mukapemphe."

Anthu anaseka. Ine ndinasasa dothi m'manja n'kubwerera kulole.

Julaye yense ndinagwira ntchito imene sindinagwirepo chibadwire. Mapesi athu anali ochepa, ndiye ndinkatuta a anthu ena amene ankafuna kutentha, ndi udzu wa kuphiri, mitolomitolo pamutu. Anyamata a pabawo pagolosale ankandikuwiza ndikamadutsa. "Aise, wayamba kufolera munda? Ukudontha?" Wina anati ndikamaliza ndiikenso chitseko ndi loko. Tsiku lina ndinatsitsa mtolo kuti ndimenye mmodzi, koma ndinaona kuti dzuwa likupita, ndinasenzanso. Ndinamanga zimato ziwiri kumunsi kwa munda ndi ndowe za mbuzi zimene ndinkatola ndi manja m'makola a anthu. Zikhatho zinang'ambika. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukazula ndodo, n'kuipeza yotentha, ndipo ndinkaima pamenepo ndekha ndikumwetulira ngati chitsiru.

Amayi ankandithandiza kuyala. Kawiri konse anandiuza za ng'ombe.

"Upite kwa amalume ako ukawauze."

"Ali ndi maso. Akuona."

"Kuona akuona, koma sunawapemphe."

"Pitani inuyo."

"Ine ndinapempha kale chaka. Sindingapitenso ndi pempho lina. Ntchitoyi ndi yako, pakamwa pakhalenso pako."

M'dera lathu la munda, ng'ombe zimene zinkafikako zinali za amalume okha. Khomo limodzi. Mayi wa ku Kandeu anayenda mudzi wonse, ine ndinali ndi khomo limodzi. Ndipo ndinapitadi tsiku lina madzulo. Ndinawapeza pakhola akusema goli latsopano. Anakweza mutu.

"Alimi amakono, mwatiyendera?"

Anali akuseka chabe, panopa ndikudziwa. Koma mawu onse amene ndinakonza m'njira sindinawanene. Ndinati ndikungodutsa, ndikupita kuchigayo. Ndinalibe ngakhale thumba m'manja.

Linali Lachinayi, mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikuwomba. Cha kumasana ndinkatsika kuphiri ndi mtolo wa udzu, chikwanje chodulira mapesi chili m'manja. Ndili pamsewu ndinaona misana yawo. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri, zili pakati pa munda. Mbali ya kumtunda yonse inali mbee, dothi lili pamtunda ngati sindinayalepo kanthu. Zimene sizinadye zinapondaponda. Chimato chimene ndinamanga pomalizira zinachigumula ndi nyanga, manyowa osapsa ali mbwee, nthunzi ikutuluka.

Ndinaponya mtolo pansi n'kuyamba kuzigenda. Zinasuntha mwaulesi, zina zikutafunabe. Imodzi sinasunthe. Inali yaikazi yofiira, ya bere, imene amalume ankaikonda kuposa zonse, sankailola ngakhale kukoka ngolo. Inandiyang'ana, phesi likulendewera kukamwa, n'kuweramanso.

Ndimafuna kulemba kuti sindinaganize, koma ndikhala ndikunama. Ndinaganiza. Ndinaizungulira mpaka kumbuyo kwake, ndinasankha malo, mwendo wakumanzere pamwamba pa chiboda, ndipo ndinatema ndi manja awiri.

Inakhala pansi ndi matako ngati munthu. Inayesa kudzuka, mwendo unangopindika. Inayesanso. Kulira kwake kunamveka mpaka kumudzi. Magazi ankayenda pa mapesi anga aja, ine nditaima, chikwanje chili m'manja, mkwiyo wonse utatha ngati wina watsanulira madzi.

Anthu anabwera akuthamanga. Amalume anafika pambuyo, akuyenda. Sanakalipe. Ananjuta pafupi ndi ng'ombe ija, anagwira bala, anaisisita pamimba. Mtsempha unali utaduka, panalibe chochita. Anatuma munthu kukatenga mpeni, ndipo anaizinga pomwepo, m'munda wa amayi. Atatumbula anatulutsa kamwana kathunthu, kaubweya kale, n'kukagoneka pambali pa udzu.

Ndipamene anandiyankhula.

"Ukanabwera kudzandiuza, ndikanazikusira kudambo. Ndowe zadzaza m'khola muja, ndikanakututira ndi ngolo yanga."

"Munkaona ndikuyala."

"Ndinkaona. Ndimadikira kuti ubwere."

Ndinati mapesiwo anali anga, ndinasenza ndi mutu wanga. Mayi wina wachikulire, msuweni wa amayi, anandiyankha osandiyang'ana n'komwe: "Kuyambira liti mapesi a mu Ogasiti kukhala ndi mwini?" Palibe amene anaima kumbali yanga, ngakhale amene ankanditamandira ntchito dzana lake. Ng'ombe sizinalakwe kanthu. Zinachita zimene zimachita chaka chilichonse.

Amayi anafika nyama ikugawidwa. Anaona kamwana kaja, anaona ine, n'kubwerera kunyumba.

Ena anawauza amalume kuti akanditule kupolisi. Anakana, anati sangamangitse mwana wa mlongo wawo. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anabwera kwathu, anakhala pampando pansi pa mtengo wa pichesi, amayi pamphasa. Ine ndinakhala pakhonde. Amalume sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

"Achemwali, chaka chija chatha."

"Mvula sinagwe n'komwe, achimwene."

"Chatha. Wa mbatatesi ayamba Lolemba linalo, osati la mawali. Chimene mukufuna kuchotsamo, chotsani sabata ino."

Ndinkayembekeza kuti amayi alira, kapena agwada. Anangoti, "Ndamva." Ine ndinatsegula pakamwa, amayi anakweza dzanja osatembenuka, ndinatseka.

M'munda munalibe chochotsa koma chimato chimodzi chimene ng'ombe sizinagumule. Lachitatu m'mawa amayi anatenga ndowa ziwiri, imodzi anandiikira pamapazi. Awa ndiwo anali mawu awo oyamba kwa ine chichitikire zija: "Tenga."

Ndodo inali yozizira. Nditaswa dothi lomatira, m'kati munali mwakuda bii, mofumbutuka, mosanunkha ndowe ngakhale pang'ono. Zinapsa bwinobwino, ndendende monga ananenera bambo wa ku Mlangeni. Tinatuta masiku awiri, amayi patsogolo ine pambuyo, kudutsa pagolosale. Ulendo uno anyamata aja anangoweramira pabawo.

Lolemba anyamata aganyu a munthu wa mbatatesi anafika ndi mareki. Anakokera pamodzi mapesi ndi udzu wonse wotsala, milu isanu, n'kuyatsa. Utsi wake tinkauona tili pakhomo. Pofika Lachisanu munda unali mizere yokhayokha, yoongoka bwino, matumba a feteleza ataunjikidwa pansi pa lona.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamalo pakati pa bafa ndi mpanda wa aneba, mapazi khumi ndi awiri m'litali, asanu m'lifupi. Ndi nthaka yokhayo imene amayi anatsala nayo. Mitambo itayamba kusonkhana anatenga khasu n'kuyamba kubowola mapando, ine ndikutsatira ndi ndowa.

"Amathira ochuluka bwanji paphando limodzi?" anandifunsa.

Ndinawaonetsa, manja awiri odzaza.

Tinathira phando ndi phando mpaka kumpanda. Malo anatha, manyowa asanafike ndi theka lomwe. Otsalawo tinawasiya pamulu pafupi ndi bafa, poti panalibe kwina kowapititsa, ndipo mvula yoyamba itagwa mwamphamvu anakokoloka ndi madzi kutsikira kumsewu.