Tepi ya Kadontho Kofiira

Ndinadzuka kusanache, atambala asanayambe kulira. Kugona kwake kunali kongotsamira khoma m'nyumba ya siwa, mwana wanga ali pamiyendo, bokosi la abambo lili patsogolo pathu. Amayi a kumpingo anali ataimba usiku wonse ndipo mawu anali atawathera. Ena anagona chokhala, atafunda nsalu kumutu. Panja azibambo ankasonkheza chitsa chachikulu, akukambirana motsitsa mawu za mvula imene inachedwa chaka chimenecho.

Mudzi wathu uli kufupi ndi Kabudula, koma ine ndinakwatiwa ku Nsaru. Kwathu tinabadwa awiri, achimwene ndi ine. Amayi anamwalira ndili wamng'ono kwambiri ndipo anakaikidwa kwawo ku Nambuma. Nkhope yawo sindiidziwa, mawu awo sindiwakumbuka. Chithunzi chimodzi chimene chinalipo chinadyedwa ndi chiswe. Chimene chinatsala ndi tepi ya vidiyo.

Kale abambo anali ndi nyumba yoonetsera vidiyo pamsika, ya jenereta ndi mabenchi. Tsiku limene iwo ndi amayi anakadalitsa ukwati wawo kutchalitchi, mnzawo wina anabwera ndi kamera n'kujambula zonse. Amati inenso ndilimo, ndili khanda m'manja mwa amayi. Achimwene anaionera tepiyo kambirimbiri, koma deki yoonetsera inafa ine ndisanazindikire, choncho sindinaionepo. Abambo anaipaka kadontho ka penti yofiira kuti isasokonezeke ndi matepi a karate amene anatsala m'katoni, ndipo ankaisunga pamwamba pa kabati itakulungidwa m'nsalu.

Kwa zaka zambiri abambo ndi achimwene sankamvana pa nkhani ya tepiyi. Abambo ankafuna deki ina ngati yakale ija, koma madeki anasowa, ndipo imodzi imene inapezeka ku Namitete inatafuna tepi ya karate imene anayesera. Achimwene, amene amawotcherera zitsulo ku Njewa, kufupi ndi tauni, anabweretsa kamakina katsopano kolowetsa madisiki ndi fulashi. Abambo anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti kakamwa kake n'kakang'ono, tepi singalowe. Achimwene anawafotokozera kuti m'tauni muli munthu amene ali ndi deki yamoyo ndi kompyuta, amasamutsa za m'tepi kuziika pa fulashi, ndipo tikhoza kumaonera ngakhale pa foni. Abambo anakana.

"Mayi anu sanapitepo m'tauni okha ali moyo. Apite lero?"

Anavomera ali kuchipatala, atatsala pang'ono kutisiya. Anatiuza kuti tiitenge. Choncho m'bandakucha umenewo, ndili pafupi ndi bokosi lawo, ndinkalira abambo, komanso mumtima ndinkadziwa kuti mawa lake achimwene abwerera ku Njewa ndi tepi, ndipo ndidzaona amayi akuyenda, akulankhula.

Ndinayang'ana pomwe panali kabati. Panalibe kanthu. Dzulo lake, pokonza malo a bokosi, anthu anatulutsa katundu yense wa pabalaza n'kukamuunjika kuseri kwa nyumba. Ndinaganiza kuti nsalu ija ili limodzi ndi zovala za abambo. Sindinafunse munthu.

Kutacha, utsi unadzaza pabwalo. Amayi a m'mudzi anayala mafuwa m'mbali mwa khola, ena akubwera ndi nkhuni, ena ndi zidebe za madzi kuchokera kumjigo. Mbuzi inalira kuseri kwa khola kenako inakhala chete. Adzukulu, okumba manda, anadutsa ndi makasu ndi mafosholo osayang'ana munthu. Pamsewu panali pataikidwa kale nthambi, ndipo anjinga ankatsika n'kumakankha njinga zawo mpaka atadutsa. Kunja kunatentha m'mawa momwemo. Kunalibe ndi kamphepo komwe.

Mwana anayamba kuvuta, ndiye ndinamubereka n'kutuluka naye kuseri. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi achikulire akupanga nkhata za maluwa zokaika pamanda. Anali ndi maluwa ofiira a kumpanda wa tchalitchi ndi timitengo topinda. Luzi linali litawathera. Anali kumanga maluwawo ndi kachingwe kakuda konyezimira, ndipo ndinakazindikira, chifukwa kwathu matepi akale a abambo anthu ankawapempha kukatchera m'madimba kuti mbalame ziziopa. Katoni ya matepi inali pambali pawo. Nkhata zomalizidwa zinali zitandandalikidwa pamphasa, zambiri ndithu, zokongola.

Kenako ndinaona chikhokho cha tepi chili pafupi ndi mapazi a azakhali anga, alongo awo a abambo. Chinali chitakanulidwa ndi mpeni. Pa chivindikiro chake panali kadontho kofiira. Nsalu imene abambo ankakulungira tepiyo mayi wina anali ataikhalira.

Mayi wina ankasolola kachingweko ndi dzanja limodzi, wina akudula ndi lezala. Ndinasendera pafupi nawo. Ine kulankhula pagulu la akuluakulu kumandivuta chibadwire. Ndinagwada n'kunena motsitsa kuti tepi imeneyo ndi ya amayi.

"Ukuti chiyani iwe? Kweza mawu," anatero azakhali.

"Ndi ya ukwati wa amayi."

Wa lezala uja anaiika pansi. "Mayo ine! Nanga bwanji osanena?"

"Tikanadziwa bwanji, zonse n'zakuda," anatero azakhali. Anayang'ana nkhata zija, anayang'ana ine. "Basi, mayi wakoyo wamutsatira mwamuna wake. Anamusiya yekha nthawi yaitali, eti?" Amayi ena anaseka pang'ono, kaseko kofuna kupeputsa zinthu. "Bwerera m'nyumba, mwana wanga. Wamasiye sakhala kumaluwa."

Ndinatola chikhokhocho ndi chivindikiro chake. Pa kagudumu kamodzi panali patatsala kachingwe kochepa, kozungulira ngati mphete. Ndinachibisa m'nsalu yoberekera mwana, cha pamimba. Ndinatolanso kachidutswa kamodzi kamene kanagwa pansi. Nditafika pakona pa nyumba ndinakalozetsa kudzuwa, poganiza kuti mwina ndiona tinkhope ta anthu m'katimo. Kanali kakuda kokhakokha, mbali zonse.

Anthu anayamba kufika. Anabwera a ku Nsaru, apongozi anga ali patsogolo. Anabwera a ku Nambuma pa lole, abale a amayi amene ena sindinawaonepo. Gogo wina wa kumeneko anandigwira kumaso ndi manja onse n'kunena kuti mphuno ndi ya malemu mayi anga, koma mwana wangayu ndiye watengera zonse. Ndinangogwedeza mutu. Anabweranso azibambo amene ali anyamata ankaonera vidiyo kwa abambo. Ndinamva akukumbutsana m'mene abambo ankamasulira mafilimu m'Chichewa, kuwapatsa azungu mayina a anthu a pamsika.

Achimwene ndinkawaona patali, mbali ya azibambo, akulandira anthu, akuitanidwa uku ndi uko. Mkazi sangadutse pakati pa azibambo pamaliro kukanong'oneza mlongo wake. Ndinakhala pamphasa, kona ya chikhokho chija ikundibaya m'nthiti.

Dzuwa litafika pamutu, tinaona nkhope. Abambo anawaveka jekete yawo ya kutchalitchi. Anatulutsa bokosi panja, anthu analankhula, abusa analalikira. Zimene ananena sindinazimve. Maso anga anali pa mphasa ya nkhata imene anaiika pafupi ndi bokosi. Kachingwe kaja kankang'anima padzuwa pakati pa maluwa.

Tinanyamuka kupita kumanda. Azibambo ankalandirana bokosi, amayi a kumpingo akuimba pambuyo, fumbi likukwera. Tinadutsa m'minda yogalauzidwa kale, yongodikira mvula. Chakumadzulo mitambo inali itayamba kuda, ndipo ena ankayang'ana kumwamba m'malo moyang'ana njira. Kumanda amayi tinakhala pansi mbali yathu. Adzukulu anatsitsa bokosi, anakwirira, anaumba mtumbira ndi misana ya mafosholo.

Poika nkhata anayamba kuitana ana a malemu. Anandipatsa yanga. Inali yomangidwa bwino, molimba, yozunguliridwa kambirimbiri. Kachingweko kanali katatentha ndi dzuwa ndipo kanandimata m'zala. Sindinkadziwa kuti ndagwira pati, kaya pamene amayi ankalowa m'tchalitchi, kaya pamene ankaimba, kaya pamene anandinyamula. Ndinagwada pambali pa achimwene n'kuiika pamtumbira. Iwo anaika yawo osadziwa kanthu. Pambuyo pathu panabwera azakhali, apongozi, a kumpingo, a ku Nambuma, aliyense ndi yake, mpaka dothi silinkaonekanso.

Tinabwerera, tinasamba m'manja, anthu anadya n'kuyamba kubalalika msanga poopa mitambo. Lole ya ku Nambuma inanyamuka. Moto wa pamafuwa unazima umodzi umodzi.

Madzulo m'nyumba munatsala anthu ochepa. Azakhali anagona kuchipinda, akuti mutu. Pabalaza panalibe mpando, panali mphasa zokha ndi fungo la thukuta la anthu amene anali atapita. Achimwene analowa n'kukhala pansi motopa, ndipo anandiuza kuti ndiwapezere tepi ija aiike m'chikwama, angaiwale mawa.

Ndinaitulutsa m'nsalu n'kuiika patsogolo pawo. Anayatsa tochi ya pa foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawauza za nkhata.

"Anangosolola kapena anadula?"

"Anadula. Ndi lezala."

Anaimirira n'kupita pakhomo, kuyang'ana njira ya kumanda. Ndinadziwa zimene ankaganiza, ndipo iwonso ankadziwa kuti sizingatheke. Chimene chaikidwa pamanda sichibwerera kumudzi, ndipo munthu woonedwa akumasula nkhata pamanda atsopano sangakhalenso m'mudzi muno. Ali chiimire pomwepo, madontho oyamba anagunda malata. Mvula imene anthu anaidikira nthawi yonseyi inabwera yamphamvu, ya fungo la dothi. Kutali ndinamva ana akukuwa mokondwa.

Achimwene anabwerera pamphasa. Anagwira kagudumu kaja ndi chala. Anati kotsalako n'kakumapeto, n'kochepa kwambiri, ndipo munthu wa m'tauni uja akhoza kukana kukalumikiza. Ngakhale atavomera, mwina sikangaonetse kanthu chifukwa kagwidwagwidwa ndi manja.

Ndinawafunsa kuti kumapeto kwa tepiyo kuli chiyani.

Anatseka maso kukumbukira. Anati kuli lole ikuchoka patchalitchi, anthu akuithamangira, fumbi. Wojambula anatsala pansi, anajambula kumbuyo kwa lole mpaka inakhota.

"Amayi akuoneka?"

"Anakhala kutsogolo, ndi adalaivala."

"Ndiye sakuoneka."

"Pali pena pamene munthu watulutsa dzanja pawindo. Sindikudziwa ngati ndi iwo kapena abambo."

Mwana anali atagona pamphasa, pakamwa pali yasa. Denga linayamba kudontha pakona pamene panali kabati, ndipo palibe amene anadzuka kukaikapo beseni. Ndinatenga nsalu yanga yakumutu, ndinakulunga chikhokhocho bwinobwino kuti kachingweko kasasololoke, n'kuchikankhira kwa iwo.

"Tengani, achimwene. Ngakhale dzanja lokhalo."

Anazimitsa tochi, ndipo tinakhala mumdima kumvera mvula.