Mayi Osanyamulika a Pamwamba

Mayi okhala m'nyumba ya pamwamba pa ya Rozina kudera la Shawlands ndi okalamba, ochepa thupi, koma amati kale apolisi anayi ankawalephera. Loweruka lililonse amaphunzitsa achinyamata za amayi amene ankagona pageti la asilikali pokana mabomba a nyukiliya. Rozina amaopa kuti mwana wake Atupele akuphunzira ndewu kumeneko.

Tsiku lina pamwambapo panamveka khu! Rozina anathamangirako mtima uli m'mwamba, n'kupeza mayiwo ali gone pansi, ana asanu akuwakoka.

"Mayi, akugwetsani ndani?"

"Ndagona ndekha, mwanawe. Sitimenya, sitithawa, timangolemera. Tandinyamula tione."

Rozina anayesa, thukuta kamukamu, mpaka anaphulika kuseka. Mayiwo anadzuka okha, n'kulengeza kuti mwezi wamawa akupita nawo onse kugeti la asilikali la ku Faslane, Rozina patsogolo.