Switi ya Amayi

Chiyambireni korona sindinatuluke m'nyumba ya abwana kuno kudziko la eni, ku Garhoud, ngakhale kupita kutchalitchi. Lero mwana amene ndimamulera wakhuthulira makrayoni patebulo kuti ajambulire mayi ake khadi. Fungo la makrayoniwo landibwezera kutali.

Ndinali Sitandade 2. Tsiku la Anakubala litayandikira, mu Okutobala wotentha uja, aphunzitsi anatiuza kuti tikonze makhadi. Ndinajambula duwa lofiira, n'kukulungiramo switi imene ndinaisunga sabata yathunthu osainyambita.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni, ine ndikukhala ndi azakhali. Azakhaliwo anandiperekeza mpaka pageti pa nyumba imene amayi ankagwirako ntchito. Tinadikira padzuwa, phula likundiwotcha mapazi.

Amayi anatuluka atabereka mwana wa abwana awo kumbuyo, akununkhira sopo amene sindinkamudziwa. Anawerenga khadi ija pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Walemba wekha?" anandifunsa.

Ndisanayankhe, kamwana kaja kanatambasula dzanja n'kutsomphola switi.

"Imeneyo ndi ya amayi anga," ndinatero.

"Musiye, mwanangu. Akalira, abwana andikalipira."

M'nyumba muja mzimayi wina anawaitana ndi dzina lawo lenileni, ngati akuitana mwana. Amayi anabisa khadi m'bulauzi, anandigwira patsaya ndi dzanja lozizira madzi, n'kulowa. Geti linatsekedwa.

Azakhali anandikoka mkono kuti tizipita, koma ndinaumirira pomwepo. Kuseri kwa mpanda amayi anali atayamba kumuimbira mwana uja nyimbo imene ankandigonekera ine, ndipo ndinkafuna ndiimve mpaka ithe.