Telala wa pa Mabokosi a Zovala

Milungu isanu inatha osalowa munthu ndi mmodzi yemwe m'kashopu ka telala wina. Ankangoti kuimirira, kukhala, kupukuta makina oyera kale, kusuzumira pakhomo. Mzinda unali utaika makamera ndi makompyuta oyendetsa magalimoto. Makompyutawo ataona kuti mabasi akuchedwa mumsewu wake, anawasamutsira kwina, anthu n'kutsatira mabasi. Otsalawo anali atayamba kuoda zovala pa foni.

Ine ndayenda m'mizinda yambiri kutola nkhani za anthu osawadziwa, ndipo iyi anandiuza mwiniwake ndikudikira basi. Inu amene ntchito yakuthawani m'manja, tamvani.

Mwana wake wamkazi anabwera osakhala n'komwe pansi.

"Bambo, mwasoka zakwana. Bambo a ana apeza wogula makinawa, abwera Loweruka. Inu muzikasewera ndi zidzukulu kwathu."

"Ndiye ndikasanduke mpando wa pabalaza?"

"Mpando sudandaula chonchi, bambo."

Makinawo anali atapondedwa zaka makumi atatu. Kuwagulitsa kunali kuvomera kuti utelala watha.

M'mawa mwake miyendo inakana kukhala. Anatseka shopu n'kulondola mabasi aja wapansi mpaka pa siteshoni yaikulu. Kumeneko anapeza khoma lonse la mabokosi achitsulo. Zovala zooda pa foni zinkachokera ku nyumba yosungira katundu kunja kwa mzinda n'kuikidwa mmenemo. Mwini akagunditsa foni, chitseko chinkatseguka chokha.

Telala anaima n'kumapenya. Munthu ankatulutsa thalauza, kuliyeza m'chiuno, kutsonya, kulibwezera m'bokosi. Wina diresi, chimodzimodzi. Pofika masana anali ataona anthu oposa khumi akubweza.

Anayandikira mphunzitsi wina wamfupi amene ankapinda thalauza mokwiya.

"Achimwene, vuto ndi miyendo yokhayi?"

"Kachitatu aka ndikubweza. Foni ikuti ndine wamtali."

"Foni sinakuoneni. Ine ndakuonani."

Anasolola singano pa kolala, napinda miyendoyo ali chiimire. Mphunzitsi anapita nalo thalauza lake.

Tsiku lotsatira anakankha makina pa wilibala mpaka pamenepo. Asanalowetse ndi ulusi womwe, alonda a mzinda anafika.

"Madala, kamera yakuonani. Pano si pamsika."

Anamuthamangitsa katatu. Kachinayi makina anawasiya, n'kubwera ndi tepi, choko ndi lumo m'thumba. Ankayeza munthu pomwepo, kunyamula chovala, kukasoka ku shopu, n'kubwera nacho mawa. Ulendo wapansi kawiri patsiku unamutupitsa mapazi. Telala ankauza wogula uja kuti adikire Loweruka lina, kenako linanso, mpaka mwana wake anasiya kumuyankha foni.

Patatha miyezi iwiri, mayi wina wa kampani ya mabokosiwo anafika akufunsa za bambo wa tepi m'khosi. Telala anayesa kuti ulendo uno ndi wa kupolisi.

"Kompyuta yathu ikuonetsa kuti pa siteshoni ino pokha anthu asiya kubweza zovala," anatero mayiyo. "Tinkayesa mabokosi awonongeka, tawatumizira amisiri kawiri. Inu mukuchita chiyani?"

"Ine ndimangopinda miyendo, mayi."

"Mukudziwa magalimoto angati amazungulira mzinda uno atanyamula zobwezedwa zokhazokha?"

"Sindidziwa. Ndimadziwa chiuno cha munthu."

Mayiyo anamupatsa kachipinda pambali pa mabokosiwo, ndi chilolezo cha mzinda. Miyezo imene amalemba tsopano imalowa m'kompyuta, kuti kosungira katundu kuja atumize saizi yoyenera. Foni yolowetsera manambala inamuvuta masabata atatu, zala zozolowera nsalu zikudina mabatani awiriawiri, koma anaiphunzira. Masiteshoni enanso anayi ali ndi atelala, onse anzake amene anali atatseka mashopu, ndipo anakawafuna yekha khomo ndi khomo.

Amene anaimbira foni wogula makina uja ndi mwana wamkazi yemweyo. Mawu anali ochepa: "Pepani, bambo akuwagwiritsa ntchito."

Basi yanga itafika, telala anali atagwada kale pa mapazi a munthu wina, mapini ali kukamwa, moti sanathe kunditsanzika.

Inunso ngati makasitomala akusowani, musakhale pakhomo kumatukwana makompyuta. Dzukani, londolani kumene anthu apita, mukaime pamenepo mpaka muone chimene akutsonyera. Mtima wokhawo musautaye panjira.