Mpunga wa Amake Jenifer ndi Mbalame za Lamulungu

Amake Jenifer dzina lawo lenileni ndi Triza, koma kuno ku Lifuwu palibe amawatchula choncho. Ndi mayi wamfupi, wamasiye, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Chipoka. Chimene ali nacho ndi ndime imodzi ya mpunga kudambo, basi. Mpungawo ukakanika, ndiye kuti chaka chonse kulibe chakudya, ngakhale mbewu. Ndikulemba za iwowa chifukwa anthu kwathu kuno amangoiseka nkhaniyi, ndipo ndikufuna ena akutali aimve.

Amene sanalimepo mpunga sadziwa kuti ntchito yowawa ndi kuamira mbalame. Ngala zikangoyamba mkaka, mpheta zimabwera ngati mtambo. Munthu amakhala pansanja kuchokera mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kukoka zingwe za zitini, kukuwa mpaka mawu kusasa. Ukachokapo theka la tsiku, waluza.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi amake Jenifer anali ndi pangano ndi mnansi wawo wa m'malire, bambo Abdulkarim. Lachisanu bambowo akapita kumzikiti, mayiwo ankaamira minda yonse iwiri. Lamulungu mayiwo akapita kutchalitchi, bambowo ankabweza. Chaka chatha bambo Abdulkarim anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ndime yawo anaibwereketsa kwa a Kondwani, oyimbitsa kwaya pa mpingo womwewo wa amake Jenifer.

Mayiwo anakondwa. Anati tsopano m'malire mwabwera m'bale mwa Ambuye.

"Achimwene, tizisinthana ma Sabata," anatero. "Lino mupite inu, linalo ine."

"Tiona, mlamu," anayankha a Kondwani.

Sanaone chilichonse. Lamulungu loyamba a Kondwani anatumiza uthenga kukwaya kuti agwidwa malungo, nakakhala pansanja yawo. Amake Jenifer anavala chitenje chawo cha chigwirizano n'kupita kukapemphera, akuganiza kuti mnzawoyo ayang'anako. Koma mbalame ukaipirikitsa sibwerera kuthengo, imatera pamunda wapafupi pamene pali zii. A Kondwani ankadziwa zimenezi. Zingwe zawo anazikoka tsiku lonse, za mayiwo sanazikhudze.

Atabwera masana, amake Jenifer anapeza ngala zambali yakum'mawa zayera.

"Achimwene, simunandikokereko ngakhale kamodzi?"

"Manja ndili nawo awiri okha, mlamu. Komanso si inu mumatiuza kuti mbalame amazidyetsa ndi Atate? Chaka chino azidyetsera kwa inu."

Amayi ena amene anali pamzere wapafupi anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anati, "Amake Jenifer, mukapempherenso, mwina zikasanza."

Aliyense ankayesa kuti Lamulungu lotsatira amake Jenifer akhala kumunda. Anapitanso kutchalitchi. Anamangirira chitenje chakale pamtengo, anawonjezera zitini, anagwada m'matope kupemphera, n'kunyamuka. Ma Sabata anayi anachita chomwecho. Achemwali awo, a Tikondwe, anachoka ku Chitala kudzawakalipira.

"Triza, kodi Mulungu akuthawa? Udzampeza ukakolola."

"Pamene ankamwalira bambo a Jenifer ndinalonjeza kuti tsiku la Mulungu sindidzalijomba," anayankha. "Sindinanene kuti pokhapokha mpunga ukakhala bwino."

"Nanga udya chiyani?"

"Sindikudziwa, achemwali. Akudziwa ndi Iyeyo."

Ndime imene inkatulutsa matumba khumi ndi awiri inatulutsa awiri, theka lake mankhusu. Pa tsiku la masika, pamene Akhristu amapereka zokolola kutchalitchi, a Kondwani anabwera ndi thumba lathunthu panjinga, anthu n'kuwaombera m'manja. Amake Jenifer anabwera ndi kambale kamodzi. Mayi wina wolandira zopereka anakauzira pamaso pa anthu, mankhusu n'kuuluka.

"Izi ndi za Mulungu kapena za nkhuku?" anafunsa.

Amake Jenifer anakhala pamalo pawo n'kuyimba nawo mpaka mapemphero kutha.

Mpunga wawo unatha mwezi wa Ogasiti usanafike. Panopa m'mawa uliwonse amapita kwa a Kondwani kukapeta mpunga, malipiro ake mbale ziwiri patsiku. Imodzi amaphika. Inayo amathira m'chigubu, akuti ndi mbewu ya chaka chino, ngakhale sanapezebe munthu wodzawaamirira Lamulungu.