Damu Limene Ndinakumbira Akakowa

Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma kuwerenga sindinaleke, ndipo mwina mavuto anga amayambira pamenepo. Munthu wosawerenga akapanda kudziwa chinthu amafunsa. Ine ndimapita kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni ya Durban, ndikawerenga masamba makumi atatu basi ndasanduka katswiri.

Nthawi imeneyo ine ndi mkazi wanga tinkakhala ku Mayville, m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Bedi, sitovu, makina ake osokera ndi makatoni anga a mabuku, zonse mommo. Chichewa tinkachiyankhula chonong'ona, chifukwa khoma linali lopyapyala ndipo sitinkadziwa kuti a mbali inayo amaganiza zotani za anthu obwera. Ntchito yanga inali maganyu: lero kusakaniza simenti, mawa kutchetcha kapinga, mkuja kungoima pakona mpaka dzuwa kupendeka.

Amene anandipezera mwayi ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga. Iwo anagwira zaka zambiri m'munda wa maluwa wa mayi wina wachizungu, wamasiye, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu. Mayiwa atapuma pantchito anagula malo kunja kwa mzinda, kumapiri a njira ya ku Pietermaritzburg, ndipo ankafuna munthu woti awakonzere damu la nsomba ndi nyama zakutchire.

"Alamu, ndawauza kuti ndinu dokotala wa nsomba," anatero alamu anga. "Musakandichititse manyazi."

"Udokotalawo ndinautenga liti?"

"Si mabuku aja mwadzaza m'nyumba mpaka mlongo wanga kusowa poponda? Nthawi yakwana yoti akudyetseni."

Chakumunsi kwa malowo kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, ka khonde ndi mpopi wakewake. Madamu anati andiyesa miyezi itatu. Damu likatheka, ntchito ikhala yanga yokhazikika, ndipo kanyumbako tidzalowamo ndi mkazi wanga. Ndinasuzumira pazenera la kanyumbako n'kukasirira. Anandipatsa pepala lomwe anajambulapo damu lawo: lopindika ngati nyemba, mbali imodzi yosaya, kachilumba pakati, bango m'mphepete, ndi chipika chogonera m'madzi. Patangopita masiku ochepa ananyamuka kupita ku Cape Town kukaona mwana wawo amene anali atangobereka, ndipo anati akakhalako masabata asanu ndi limodzi.

Chizungu chawo ndinachimva bwinobwino, ndisaname. Anatchula nsomba, mbalame, achule ndi agwape. Ine mumtima ndinangoika chilichonse pamalo pake: nsomba ndiwo ulimiwo, mbalame ndi agwape azibwera kudzamwa madzi n'kumapita monga alendo aulemu.

Kwathu ku Zomba amalume anali ndi damu la makumba, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti damu ndi munda. Limakhala ndi makona anayi, udzu wa m'mbali umatchetchedwa, ndipo adani ake ndi kakowa, ng'azi ndi katumbu. Buku la alimi a nsomba lomwe ndinagula linagwirizana ndi amalume tsamba ndi tsamba. Nditayang'ananso pepala la Madamu ndinawamvera chisoni. Ndinati ndi ukalamba, dzanja limanjenjemera, mzere wowongoka sungatheke.

Tsiku lokumba kunabwera chigalimoto chokumbira. Woyendetsa wake anali Mzulu wonenepa, wanthabwala. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana zikhomo ndi twaini zomwe ndinali nditakhoma.

"Mfowethu, m'bale wanga, pepala likuti nyemba, iwe wakhoma bokosi. Tikumba chiti?"

"Bokosi."

"Nanga kachilumbaka?"

"Ndi inki imeneyo, inangodontha."

"Eish. Shapu, bwana injiniya."

Zina ndinazichita bwino, ndipo ndizinena kuti ndisadzinyoze mopitirira. Masiku anayi ndinapondaponda dongo ndi mapazi anga pansi ndi m'makoma, moti madzi a pakasupe wa pamalopo atadzaza sanathawe ngakhale pang'ono. Tiana ta nsomba timene Madamu anaitanitsa tinabwera m'mapulasitiki, tofanana ndi makumba athu, ndipo palibe kamene kanafa.

Kenako ndinayamba kutumikira buku. Ndinamiza matumba a zitosi za nkhuku mpaka madzi anabiriwira. Bango la m'mbali mwa kasupe ndinalidula lonse. Chipika chimene Madamu anakonza kuti chigone m'madzi ndinachiwaza n'kusanja nkhuni zake bwinobwino pakhomo pa Madamu. Mazira a achule ndi mbululu ndinkatunga ndi ndowa n'kukataya kukhwawa. Pamwamba pa madzi ndinalukapo twaini, ndinapachika zitini, ndinaimika chidole chovala ovolosi yanga yakale, ndipo ndinasema legeni, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu. Ng'azi ina ndinaithamangitsa mpaka pamwamba pa chitunda. Nantchengwa, mbalame ija kwathu timaiopa, ndinaipirikitsa uku ndikupemphera.

Madamu atabwerako anatsikira kudamu asanamasule n'komwe chikwama. Anaima chete nthawi yaitali. Ine ndinati ndi chimwemwe, chawatseka pakhosi.

"Mbalame zili kuti?" anafunsa.

"Palibe ngakhale imodzi, Madamu," ndinayankha nditatukumula chifuwa. "Zinavuta masabata awiri oyamba, koma pano zikangondiona zimakhota."

"Achule?"

"Ndinawasamutsa."

Anakhala pansi pawilibala. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira.

"Bambo, nsombazi mukuganiza kuti ndi za ndani?"

"Zanu, Madamu. Pofika Isitala zidzakhala ngati dzanja langali."

"Ine nsomba sindidya. Nsombazi ndi za mbalame."

Ndinawapempha kuti abwereze, anabwereza. Ndinafunsa mwa njira ina, mwina ndine ndasokoneza.

"Mwaitanitsa chigalimoto, mwagula nsomba, kuti kakowa adye?"

"Inde."

"Nanga inu mupindula chiyani?"

"Ndizimuona akudya."

Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunandiopsa. Anangoti mwezi wachitatu ukatha pasanatere mbalame padamupo, ndiye kuti ine ndi iwo sitikumvana, ndipo adzafuna munthu wina.

Ndili muteksi yobwerera kutauni mutu unkangozungulira. Nditatsika ndinapeza malo opanda anthu n'kuwaimbira alamu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, ine zaka zonse zija ndinkathirira maluwa osadyedwa, munandimvapo ndikufunsa?"

"Komatu izi ndi nsomba, alamu. Ndiwo."

"Ndiwo za kakowa. Inu ndinu khukhi wake. Phikani."

"Zikukumvekani inuyo?"

"Sizinayambe zandimvekapo, n'chifukwa chake sindinachotsedwepo ntchito. Tamverani, mlongo wanga wayamba kale kusoka makatani a mazenera a kanyumba kaja. Zikakanika mukamuuze nokha, ine sindilowamo."

Ndinayamba kupasula ndi manja anga zimene ndinamanga ndi manja anga. Khoma limodzi lowongoka bwino lija ndinaligumula ndi khasu kuti pakhale posaya, ndipo khasu lililonse linkandipweteka mumtima. Twaini, zitini ndi chidole ndinachotsa. Madzi obiriwira ndinatulutsa ena kuti alowe oyera. Ndinakumba bango ndi mizu yomwe kumunsi kwa kasupe n'kudzalibzala pomwe ndinadula lina. Chipika chatsopano ndinachikoka ndi chingwe kuchokera kuthengo, tsiku lathunthu, Madamu akuotha nkhuni za chakale chija. Chochititsa manyazi kwambiri chinali kutsikira kukhwawa ndi ndowa yomwe ija kukafunafuna mbululu. Ndinapeza zingapo m'kachithaphwi. Kaya zinali zomwe ndinataya kaya za eni khwawa, ndinangozipepesa zonse n'kunyamula.

Mwa chizolowezi changa ndinakagulanso buku, ili la mbalame. Wolemba wake anamuyamikira kakowa masamba anayi athunthu, kaimidwe kake, kudekha kwake, luso lake pogwira nsomba. Ndinawaika mabuku awiriwo pabedi moyandikana. Onse osindikizidwa bwino, onse a zithunzi, onse olembedwa ndi anthu ophunzira. Lina likuti mbalameyi ndi mbala, lina likuti ndi mlendo wolemekezeka. Kufikira tsiku limenelo ndinkakhulupirira kuti mabuku amamvana, kuti amene timakangana ndife osaphunzira. Mkazi wanga anandifunsa chomwe ndikuyang'ana. Ndinati palibe, ndipo anapitiriza kupinda katani wake.

Oyamba kubwerera anali atombolombo. Kenako achule anayamba kulira m'bango. M'matope a posaya paja tinapezamo mapazi a gwape, Madamu n'kuwajambula ndi foni. Koma mbalame ayi. Zinkabwera ndithu m'mwamba, kuzungulira kamodzi, kundiona, n'kupitirira.

"Zikukudziwani," anatero Madamu. "Munaziphunzitsa bwino kwambiri."

Ndiye anandiletsa kufika kudamu m'mawa. Ntchito yanga kuyambira pofika mpaka dzuwa litakwera inali kubisala. Ndinkakhala pakhonde pawo kuseri kwa miphika ya maluwa, chipewa chili m'manja, iwo ali ndi magalasi oonera patali. Ndagwirapo maganyu a mitundumitundu m'dziko lino, koma yovuta ngati imeneyo sindinaionepo. Masiku ankatha. Sabata yomaliza inalowa, Lolemba, Lachiwiri, palibe. Madamu anasiya kundiyang'ana m'maso popereka tiyi.

Lachinayi m'mawa kakowa anatera. Sanali kakowa woyera wotsata ng'ombe uja, koma wamkulu, wotuwa, wa miyendo ngati ndodo. Anaima pachipika changa n'kuyang'ana uku ndi uku, ndikhulupirira ankafuna ine. Kenako anatsikira posaya, kuponda kamodzi, kudikira, kupondanso. Ndinamva mfuu ikukwera yokha pakhosi panga, mfuu ya amalume yopirikitsira akakowa, ndipo ndinaluma chipewa kuti isatuluke.

Anajompha. Inali imodzi mwa zonenepa, zimene ndinkazidyetsa ndekha m'mawa ndi madzulo. Anaitembenuza kuti mutu utsogole n'kuimeza, ndipo ndinaiona ikutsika m'khosi lalitali lija ngati chotupa. Madamu anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mwaona? Mwaona?"

"Ndaona, Madamu," ndinayankha ndi mawu a pamaliro.

Anameza yachiwiri. Madamu anadzuka mwakachetechete, analowa m'nyumba chowerama kuti mbalame isawaone, n'kubwerako ndi makiyi awiri omangidwa pakansalu. Anawaika m'dzanja langa, maso ali kudamu. Ndinathokoza monong'ona, mlendo asadzidzimuke.

Loweruka tinasamuka. Katundu atalowa, mkazi wanga anatsikira kukaona damu lomwe linatipatsa nyumba. Nsomba zinali kuwirira pamwamba pa madzi. Anaomba m'manja.

"Abambo! Ndiwo zonsezi? Ukonde mwasunga kuti?"

Ndinamufotokozera pang'onopang'ono, kuyambira pa nyemba mpaka pa kakowa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira pamphumi.

"Simukutentha. Mwayamba kumwa?"

"Ayi."

"Ndiye bwerezani."

Ndinabwereza, koma ndili pakati ndinaona kuti inenso sizikundimveka, ndipo ndinasiya. Masana amenewo tinadya nsomba za m'chitini zomwe tinabwera nazo kuchokera kutauni, titakhala pakhonde pathu. Kumunsi kakowa anali atabwera ndi mnzake.