Kutsogolo kwa Mzere ku Shantumbu

Ndinatuluka m'nyumba ku Kabwata Loweruka nthawi ya 5:30 m'mawa, kukuzizira monga kumachitira mu Juni. M'chikwama munali madzi, mazira awiri owiritsa, ndi chisoti chamaluwa cha mkazi wanga Chanda, amene anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Chanda ankakwera mapiri ndi gulu lina kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ine sindinapiteko n'kamodzi komwe. Iye ankabwera madzulo, fumbi mpaka m'nsidze, n'kunena kuti, "Lelo nenze kutsogolo futi." Ku ofesi ndinkadzitama kuti mkazi wanga amasiya amuna kumbuyo.

Minibasi ya K10 inanditula ku Woodlands, kumene basi ya gululo inkadikira. Aliyense ankalipira K120, kupita ndi kubwera. Mtsogoleri wake anali Ba Mulenga, mayi wa ku Chelstone amene anapuma ntchito ya unesi.

"Ndimwe bamuna ba Chanda," anatero. Silinali funso. Anandigwira dzanja kanthawi, kenako anayang'ana nsapato zanga zakuda za ku ntchito.

Ba Kunda, wogulitsa matayala m'tauni, nayenso anaziona. "Ba Daka, muyenda ku phili olo ku intavyu?" anandifunsa.

Tinadutsa ku Chalala, phula linatha, fumbi n'kuyamba kulowera m'mawindo. Pofika 7:30 tinali ku Shantumbu, anthu khumi ndi anayi. Pakamsika ndinagula chinangwa chowotcha ndi mtedza, K5, ndipo tinauyamba ulendo wokwera phiri.

Njira inali ya miyala, yodutsa m'udzu wouma ndi m'zitsa zosiyidwa ndi owotcha makala. Nsapato zanga zinkaterera pa mwala uliwonse. Pamene ndinkafika popumira poyamba, cha m'ma 9 koloko, anzanga anali atamwa kale madzi n'kutseka mabotolo.

"Ba Daka, pitani kutsogolo," anatero Ba Mulenga.

Ndinayesa akundilemekeza chifukwa cha maliro. "Osavutika, bamayo. Ine nilibe liwilo monga Chanda."

Ba Kunda anakanda m'mutu. "Ba Daka, kuno wamene achedwa ndiye atsogola. Ndiye lamulo yathu, kuti tisasiye muntu mu sanga," anatero, akuloza tchire lotizungulira.

"Nanga Chanda?"

"Chaka chonse chomaliza," anayankha Ba Mulenga. "Anatipempha kuti tisakuuzeni. Ati muzamuletsa."

Madokotala anapeza vuto la mtima wake mwezi umodzi wokha asanamwalire. Ndinatsegula botolo, n'kumwa madzi pang'onopang'ono. Kenako ndinapita kutsogolo.

Pa 10:30 tinafika pa thanthwe lina losalala, pansi pa mkuyu. Chidendene changa chakumanja chinali chitatuluka thuza, ndipo Ba Mulenga anachimata pulasitala, akulankhula osandiyang'ana.

"Apa ndiye pamene tinabwelela, ulendo wake wa lasiti. Akabwelela umozi, tibwelela bonse. Kuchokela sikuija sitinafikeko pamwamba. Ngati mwalema, kambani chabe. Kulibe azakalipa."

Ndinayang'ana m'mwamba. Gawo lotsala linali lalifupi koma loima njo. Ndinayang'ananso anthu khumi ndi atatu aja, amene anali kunamizira kumanga zingwe za nsapato zomanga kale. Ndikanati ndatopa, akanabwereranso pa thanthwe lomwelo, popanda wodandaula. Zimenezo ndi zimene sindikanatha kupirira.

Ndinatulutsa chisoti chija n'kuvala.

"Chisote cha maluwa na nsapato za ku banki!" anakuwa Ba Kunda. "Tiyeni, ba manejala, mutipeleke!"

Ndinkaponda kakhumi ndi kawiri, n'kuima, n'kupuma. Pena ndinkakwawa, nditagwira mizu. Palibe anandipitirira. Ndikaima, mzere wonse unkaima, ndipo Ba Kunda ankayamba kufotokoza za ubwino wa matayala ake kwa anthu opanda galimoto. Amayi akumbuyo anayamba nyimbo ya kutchalitchi, akuiimba mozengereza kuti igwirizane ndi mapazi anga. Sindinamvepo nyimbo ikukokedwa chomwecho.

Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko, ndinakoka thupi pa mwala womaliza, ndipo kutsogolo kunalibenso chokwera. Kumpoto Lusaka ankaoneka mwa chizimezime m'fumbi. Kum'mwera zigwa zinkangotsetsereka kulowera ku Kafue. Mphepo inafuna kuulutsa chisoti, ndinachigwira ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwanga nthungululu zinaphulika. Ba Kunda anandinyamula m'mwamba ngati tayala, nsapato imodzi n'kuvuka. Ba Mulenga anaitola, maso ali ofiira.

Tinadyera pomwepo. Mazira ndinali nditawiritsa awiri mwachizolowezi. Limodzi ndinapatsa Ba Kunda, amene anadandaula kuti ndaiwala mchere.

Potsika ndinatsogolanso. Basi inatitula ku Woodlands 4 koloko itadutsa.

"Mwezi wa mailo?" anafunsa Ba Mulenga, akunena za ulendo wa mwezi wotsatira.

"Nizabwela."

"Mukagule nsapato. Ba Kunda nabo bafuna kutsogolako."

Lolemba ku ofesi adzandifunsa chifukwa chake ndikutsimphina. Ndidzawauza zomwe ndinkawauza kale, kuti mkazi wanga ankayenda kutsogolo kwa mzere chaka chathunthu. Kale ndinkanena zimenezi osadziwa kulemera kwake. Tsopano ndayendapo pamalo akewo, ndipo ndafikitsa anzake aja pamwamba.